Kusunoki Masashige: msilikali amene adasanduka kami patapita zaka 536

Ukatsika sitima pa siteshoni ya Kobe ku Japan n'kuyenda pang'ono chakumpoto, umafika pachipata cha kachisi wa Minatogawa. Eni mzinda satchula dzina lalitalilo, amangoti Nanko-san. Bwalo lake lili ndi mthunzi wa mitengo ikuluikulu ya masamba onunkhira yotchedwa kusunoki. Wobwera kudzapemphera amayamba wasamba m'manja ndi kuchukucha m'kamwa pamtsuko wamwala, kenako amapita kutsogolo kwa nyumba yopatulika, amaponya kandalama m'bokosi, amawerama kawiri, amaomba m'manja kawiri, n'kuweramanso kamodzi. Amene akumuweramirayo adali munthu wa mnofu ndi magazi, mtsogoleri wa ankhondo dzina lake Kusunoki Masashige. Adafera m'dera lomweli m'chaka cha 1336, atagonja pankhondo imene iye mwini adachonderera mfumu yake kuti isamenyedwe. Kachisiyu adamangidwa mu 1872. Pakati pa zaka ziwirizi padutsa zaka 536, ndipo zimene zidachitika m'zaka zimenezo ndi zimene zimafotokoza chifukwa chake munthu wogonja lero akupembedzedwa.

Mawu akuti kami ndi ovuta kuwaika m'Chichewa. Tikati mulungu, maganizo athu amathamangira kwa Chauta, Namalenga wa zonse, ndipo si zimene Ajapani amatanthauza. M'chipembedzo cha Chishinto kami alipo osawerengeka. Dzuwa lili ndi kami wake, Amaterasu, amene banja lachifumu limati ndiye kholo lawo. Phiri, mathithi, mtengo wakale, zonsezi zikhoza kukhala malo a kami. Munthu nayenso akamwalira akhoza kulowa m'gululi ngati amoyo aona kuti mzimu wake uli ndi mphamvu yofunika kuilemekeza. Mawu oyandikira kwa ife ndi mzimu wa m'kachisi, monga momwe anthu a ku Nsanje amalemekezera Mbona ku Khulubvi, munthu amene adaphedwa koma anthu n'kumumangira kachisi ndi kumathirako nsembe.

Kalekale ku Japan munthu ankasanduka kami makamaka chifukwa choopedwa. Nduna yophunzira Sugawara no Michizane idafera kudera lakutali mu 903 itaneneredwa mabodza. Pambuyo pake adani ake adayamba kufa motsatizana, mphenzi idagwa panyumba yachifumu ku Kyoto, ndipo anthu adati mzimu wake wakwiya. Adamumangira kachisi wa Kitano kuti aupepese. Taira no Masakado, amene adagalukira boma n'kudulidwa mutu mu 940, amapembedzedwa ku Kanda Myojin mu Tokyo pachifukwa chofanana. Patapita nthawi olamulira amphamvu adayamba kudzikonzera okha ulemuwu, monga Tokugawa Ieyasu amene mtembo wake adausamutsira ku Nikko mu 1617. Njira ya Masashige idali ina. Iye adakwezedwa ndi boma limene linkafuna chitsanzo choti nzika zizitsanzira, ndipo pa moyo wake wonse boma lidasankhapo imfa yake.

Tibwerere ku nthawi yake. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, mfumu yaikulu inkakhala ku Kyoto ndi ulemu wake wonse, koma mphamvu zenizeni zidali ndi boma la asilikali ku Kamakura, lomwe linkayendetsedwa ndi banja la Hojo. Boma limeneli lidathamangitsa Amongolo kawiri, mu 1274 ndi mu 1281, koma nkhondo yoteteza dziko ilibe minda yolanda yoti ugawire ankhondo ako, choncho ambiri adatsala ndi ngongole ndi madandaulo. Banja lachifumu nalo lidali litagawanika pawiri, nthambi ziwiri zikusinthana mpando ndi chilolezo cha Kamakura. Go-Daigo atalowa ufumu mu 1318 adakana zonsezi. Ankafuna kulamulira yekha ndi kusiyira mpando mwana wake. Chiwembu chake chitaululika mu 1331 adathawira kuphiri la Kasagi.

Apa ndi pomwe Masashige amatulukira m'mbiri. Kwawo kudali ku Kawachi, dera lamapiri kum'mawa kwa Osaka wa lero. Sadali wa banja lalikulu. Chikalata china cha kachisi wa Chibuda cha mu 1332 chimamutchula kuti akuto, mawu amene eni minda ikuluikulu ankatchulira anthu a zida okana kumvera, ngati kunena kuti chigawenga. Buku lakale la nkhani za nkhondo lotchedwa Taiheiki, lolembedwa m'zaka zomwezo za m'ma 1300, limamulowetsa m'nkhani mokongola kuposa pamenepo. Limati mfumu idalota mtengo waukulu wa nthambi zoloza kummwera, pansi pake pali mpando wopanda munthu. Itadzuka idaphatikiza chilembo cha mtengo ndi chilembo cha kummwera, ndipo zilembo ziwirizo pamodzi zimawerengedwa kuti kusunoki. Idafunsa ngati m'deralo muli wankhondo wa dzina limenelo, ndipo adamuitana. Taiheiki ndi buku lokometsera nkhani ndipo limachulutsa ziwerengero za asilikali, koma zambiri zimene Ajapani amadziwa za Masashige zidachokera m'menemo.

Luso lake pankhondo ndiye n'losatsutsika. Ankhondo a nthawi imeneyo ankanyadira kumenyana ali pahatchi ndi uta m'manja, pabwalo loonekera. Masashige adalibe anthu okwanira kuchita zimenezo, choncho adasandutsa mapiri a kwawo kukhala chida. Mu 1331 adadzitsekera m'linga laling'ono la Akasaka, ndipo chakudya chitatha adaliyatsa moto n'kuzemba usiku, adani n'kumaganiza kuti wapsera momwemo. Chaka chotsatira adatulukiranso. Mu 1333 adakhazikika ku Chihaya, pamwamba pa chitunda chozunguliridwa ndi zigwembe pafupi ndi phiri la Kongo. Gulu lalikulu la Kamakura lidamuzinga kwa miyezi. Taiheiki imasimba kuti okwera chitundacho ankakumana ndi zipika ndi miyala yogubuduzika, kuti adasungiratu madzi m'mimphika yamatabwa chifukwa ankadziwa kuti adani atseka kasupe, ndiponso kuti usiku wina adaimika zidole za udzu zovekedwa zovala zankhondo kunja kwa linga. Kutacha adani adazithamangira, ndipo atasonkhana pansi pa phompho miyala idawagwera. Atamanga mlatho wautali kuti aoloke chigwembe, anthu ake adauthira mafuta n'kuuyatsa.

Phindu la Chihaya lidaposa chitundacho. Dziko lonse lidaona kuti boma la Kamakura likulephera kugonjetsa kagulu ka anthu a kumapiri, ndipo amene ankaopa adalimba mtima. Go-Daigo, yemwe adali atapitikitsidwira kuzilumba za Oki mu 1332, adathawako. Ashikaga Takauji, mkulu wa ankhondo amene Kamakura idamutuma kukathana ndi oukirawo, adatembenuka n'kulanda likulu la a Hojo mu Kyoto. Nitta Yoshisada adagwetsa Kamakura yeniyeniyo. Pofika pakati pa 1333 ulamuliro wa a Hojo udali utatha.

Ufumu wa Go-Daigo sudakhalitse. Mphoto zabwino zidapita kwa nduna za kunyumba yachifumu, milandu ya malo idasokonekera, ndipo mfumu idaika msonkho womangira nyumba yachifumu yatsopano dziko lisadapole mabala. Ankhondo amene adakhetsa magazi adaona kuti agwiritsidwa fuwa lamoto. Mu 1335 Takauji adagalukira mfumu. Kumayambiriro kwa 1336 adalowa mu Kyoto, koma Masashige, Nitta ndi anzawo adamutulutsa, ndipo adathawira ku Kyushu. Patangopita miyezi yochepa adabwerera ndi chinamtindi cha ankhondo, ena pamtunda ndi mng'ono wake Tadayoshi, ena panyanja m'ngalawa.

Zimene Masashige adalankhula panthawi imeneyi ndi zimene ine ndimaona kuti ndi zofunika kwambiri pa moyo wake, ngakhale kuti omupembedza adazinyalanyaza. Buku lina lakale, Baishoron, lolembedwa ndi munthu wa mbali ya Ashikaga, limati Takauji ali kothawa Masashige adalangiza mfumu kuti iyanjane naye, chifukwa mitima ya ankhondo m'dziko idali kwa iyeyo, ndipo nduna zidamuseka. Taiheiki imati adani atayandikira adapereka njira ina: mfumu isamukire kuphiri la Hiei, Takauji amulole alowe mumzinda wa Kyoto utatsala wopanda kanthu, kenako atseke njira ya chakudya pamtsinje wa Yodo mpaka gulu lake lifooke ndi njala, ndiyeno amukanthe mbali ziwiri. Imeneyi idali nzeru ya munthu wodziwa kuwerenga mphamvu zake ndi za mdani. Nduna ina, Bomon Kiyotada, idatsutsa kuti n'zochititsa manyazi kuti mfumu ithawe likulu lake kawiri m'chaka chimodzi. Mfumu idamvera ndunayo. Paja akulu adati mawu a akulu akoma akagonera: nkhondo itatayika, Go-Daigo adathawirabe kuphiri la Hiei lomwelo, koma tsopano wopanda Masashige.

Masashige adamvera lamulo n'kunyamuka. Nkhani imati panjira, pamalo otchedwa Sakurai, adabweza mwana wake Masatsura, wa zaka 11, namuuza kuti abwerere ku Kawachi akakule ndi kudzatumikira mfumu. Pa tsiku la 25 la mwezi wachisanu pakalendala yawo yakale, magulu adakumana pamtsinje wa Minato. Nitta adali kugombe, koma ataona ngalawa za adani zikulowera kum'mawa adaopa kutsekeredwa kumbuyo ndipo adasuntha anthu ake. Masashige adatsala yekha pakati pa adani. Adamenyana kwa maola ambiri padzuwa la chilimwe. Taiheiki imati mwa okwera pahatchi 700 adatsala 73, ndipo adalowa m'nyumba ina ya m'mudzi. Atavula zovala zankhondo, thupi la Masashige lidali ndi mabala 11.

M'nyumbamo mudachitika kukambirana kumene pambuyo pake kudasanduka mbendera ya dziko. Monga Mbuda, Masashige ankakhulupirira kuti ganizo lomaliza la munthu ndilo limasankha kumene akabadwirenso, choncho adafunsa mng'ono wake Masasue chimene akulakalaka. Masasue adayankha kuti akufuna kubadwanso kasanu ndi kawiri m'dziko la anthu kuti awononge adani a mfumu. Masashige adavomera kuti nayenso akufuna zomwezo, koma adanena poyera kuti limeneli ndi ganizo loipa, lodzaza ndi tchimo. Kenako awiriwo adabayana. Wolemba Taiheiki sadaone imfayi ngati ya munthu woyera mtima. Mtsogolo m'buku lomwelo Masashige amabweranso ngati mzukwa wolusa, kudzavutitsa wankhondo wina dzina lake Omori Hikoshichi pofuna kumulanda lupanga, ndipo amatonthola pokhapokha amonke atawerenga malemba a Chibuda.

Atamwalira, dziko lidakhala ndi mafumu awiri kwa zaka 56. Takauji adaika mfumu ya nthambi ina ku Kyoto, ndipo Go-Daigo adakakhazikitsa bwalo lake kumapiri a Yoshino, kummwera. Masatsura adakuladi n'kufera mbali ya kummwera pankhondo ya Shijonawate mu 1348. Mng'ono wake Masanori adamenya nkhondo zaka zambiri, adayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo mu 1369 adapita mbali ya kumpoto asadabwererenso kummwera. Dzina la mwana ameneyu silidaimbidwe m'sukulu ngati la mkulu wake. Mu 1392 mabwalo awiriwo adalumikizana ndipo mpando udatsalira nthambi ya kumpoto. Zotsatira zake, Masashige adakhala m'kaundula ngati mdani wa bwalo lachifumu kwa zaka zoposa 200, mpaka mu 1559 pamene munthu wina wodzitcha mdzukulu wake, Kusunoki Masatora, adapempha Mfumu Ogimachi kuti ichotse mlanduwo, ndipo idatero.

M'nthawi ya ulamuliro wa a Tokugawa, banja la asilikali la Ieyasu uja, anthu onena nkhani za Taiheiki m'misewu adamutchukitsa ngati katswiri wa machenjerero a nkhondo. Amene adasintha nkhope yake adali Tokugawa Mitsukuni, mwini dera la Mito. Iye adasonkhanitsa akatswiri kuti alembe mbiri yonse ya Japan motsatira nzeru za Confucius, mphunzitsi wakale wa ku China, ndipo adagamula kuti mafumu enieni adali a kummwera. Ngati ndi choncho, Takauji ndi wogalukira, Masashige ndi mtumiki wokhulupirika woposa onse. Mu 1692 Mitsukuni adaika chiliza pamanda amene adali pakati pa minda ku Minatogawa, ndi mawu olembedwa ndi dzanja lake olira mtumiki wokhulupirika Kusunoki. Kumbuyo kwa mwalawo kudazokotedwa mawu oyamikira a Zhu Shunshui, wophunzira wa ku China amene adathawira ku Japan ufumu wa Ming utagwa. Munthu wa banja lolamulira la a Tokugawa adadzala yekha mbewu imene idadzagwetsa banja lake, chifukwa m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860 anyamata ofuna kuchotsa a Tokugawa ndi kubwezera mphamvu kwa mfumu ankabwera kudzagwada pamwala womwewu. Yoshida Shoin, mphunzitsi wa atsogoleri ambiri a boma latsopano, adali mmodzi wa iwo. Mu 1863 anthu a maganizo amenewa adalowa m'kachisi wa Tojiin ku Kyoto, adadula mitu ya ziboliboli zamatabwa za Takauji ndi olowa m'malo ake awiri, n'kukaiyanika m'mbali mwa mtsinje wa Kamo.

A Tokugawa atagwa mu 1868, boma la Mfumu Meiji silidachedwe. M'chaka chomwecho lidalamula kuti Masashige amangiridwe kachisi, komanso lidalekanitsa Chishinto ndi Chibuda zomwe zidakhala zosakanikirana kwa zaka mazanamazana. Minatogawa adatsegulidwa mu 1872 ndipo adakhala woyamba m'gulu latsopano la akachisi a boma olemekeza anthu amene adatumikira mfumu. Kachisi wa Yasukuni ku Tokyo, wa asilikali ofera kunkhondo, adalowa m'gulu lomweli mu 1879. Mu 1880 Masashige adapatsidwa udindo wapamwamba kwambiri wa bwalo lachifumu. Mu 1900 chiboliboli chake, atakwera hatchi, chidaimikidwa kunja kwa nyumba yachifumu ku Tokyo, chopangidwa ndi mkuwa wa mumgodi wa Besshi womwe banja la Sumitomo lidapereka. Dzanja lomwe linkakweza lidalinso kutsitsa: mu 1874 Masakado, wogalukira uja, adachotsedwa pa mndandanda wa kami akuluakulu a Kanda Myojin, ndipo adabwezeretsedwa mu 1984.

Panali mfundo yovuta imene boma lidayenera kuimeza. Mfumu Meiji idali mdzukulu wa nthambi ya kumpoto, imene Masashige adafa akulimbana nayo. Mu 1911 padabuka mkangano waukulu chifukwa buku la sukulu lidalemba mabwalo awiriwo ngati ofanana. Wolemba wake, Kita Sadakichi, adaimitsidwa ntchito, ndipo boma lidalengeza kuti bwalo la kummwera ndilo lidali loona. Ofunsa mafunso adalipo kuyambira pachiyambi. Mu 1874 Fukuzawa Yukichi, amene adayambitsa sukulu ya Keio, adalemba kuti kufera mbuye wako popanda kupindulitsa dziko sikusiyana ndi wantchito wodzimangirira chifukwa wataya ndalama ya bwana wake. Sadatchule Masashige, koma anthu adamva kuti akunena iyeyo ndipo adamuukira koopsa. Pofika 1934 mpata wolankhula udali utatsekeka kotero kuti nduna ya zamalonda, Nakajima Kumakichi, idatula pansi udindo chifukwa cha nkhani yakale imene idalemba yoyamikira Takauji.

Ana a sukulu a m'badwo umenewo ankaphunzira za kutsanzikana kwa ku Sakurai, ankaimba nyimbo yake, ndipo ankaloweza mawu akuti shichisho hokoku, kutumikira dziko ndi miyoyo isanu ndi iwiri. Chiganizo cha Masashige chovomereza kuti limeneli ndi tchimo chidasowa m'mawu olowezedwawo. Chenjezo lake kwa mfumu lidatsala ngati kadontho kongoonetsa kuti adamvera ngakhale ankadziwa kuti akukafa. Asilikali a Japan amene ankhondo a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ndi anzawo a ku Northern Rhodesia adakumana nawo m'nkhalango za Burma mu 1944 adakula ndi maphunziro amenewa. Chizindikiro cha banja la Kusunoki, duwa loyandama pamadzi lotchedwa kikusui, chidapereka dzina ku maulendo 10 a ndege zodziphulitsa pa zombo za America ku Okinawa kuyambira Epulo mpaka Juni 1945. Ambiri mwa oyendetsa ndegezo adali anyamata a zaka za m'ma 20 kapena kucheperapo, ena otengedwa m'mayunivesite. Zimandiwawa kuti dzina la munthu amene ku Akasaka adasankha kuzemba usiku kuti anthu ake akhale ndi moyo, amene adauza mfumu maso ndi maso kuti nkhondo iyi tigonja, ndilo lidalembedwa pa ulendo wa ana otumidwa kukafa ndi akuluakulu okana kuvomereza kuti agonja kale.

Mu Malichi 1945 mabomba a ndege za America adatentha Kobe, ndipo nyumba za kachisi wa Minatogawa zidapsa. Mu Disembala chaka chomwecho olamulira a mayiko opambana adalamula kuti boma la Japan lisiye kuthandiza ndi kuyendetsa Chishinto. Nkhani ya ku Sakurai idachoka m'mabuku a sukulu, ndipo akatswiri a mbiri adayamba kufufuza Masashige wina uja, akuto wa ku Kawachi wodziwa njira za m'mapiri. Kachisi adamangidwanso mu 1952, ulendo uno ndi simenti ndi zitsulo, ndipo amayendetsedwa ngati bungwe lachipembedzo loima palokha.

Lero obwera ku Nanko-san ambiri amabwera ndi nkhawa za tsiku ndi tsiku. Pa chaka chatsopano pamadzaza anthu odzapempha mwayi. Mu Novembala makolo amabweretsa ana a zaka 3, 5 ndi 7 atavala zokongola kudzathokoza kuti akukula. Maukwati amamangidwa pomwepo, ophunzira amalemba zopempha zawo patimatabwa n'kutipachika, ndipo pa 25 Meyi pamachitika mwambo wokumbukira imfa yake. Chiliza cha Mitsukuni chikadali pakona ya bwalo, pafupi ndi chipata, ndipo kuseri kwa nyumba yopatulika kuli malo otchingidwa amene amati ndi pomwe abale awiri aja adafera. Mutu wake, womwe Taiheiki imati Takauji adautumiza kwa banja lake mwaulemu, uli ndi manda ake ku Kanshinji, kachisi wa Chibuda ku Kawachi. M'nyumba yosungira chuma cha Minatogawa muli pepala lolembedwa ndi dzanja la Masashige mwini mu 1335, chaka chimodzi asadafe. Ndi mawu otsekera malemba a Chibuda otchedwa Lotus Sutra, amene adawakopera yekha n'kuwapereka ngati pemphero.